Chitini cha milomo iwiri

Chaka chimene anatichotsa ntchito kufakitale ndinali nditangokwatira kumene. Mkazi wanga ndinakamutenga ku Katete nditamulonjeza Lusaka wa magetsi ndi buledi wopaka batala, koma Lusaka amene anatilandira anali wa mizere. Kunali mzere wa ufa, wa sopo, wa shuga, ndipo woopsa kuposa yonse unali mzere wa saladi. Kwa amene sanakhaleko kuno, saladi ndi mafuta ophikira basi, si masamba ayi. Masiku amenewo ukaona anthu atandandalika pakhomo pa sitolo unkayamba waima kaye kumbuyo kwawo, zofunsa kuti kwabwera chiyani unkafunsa uli kale pamzere.

Tinkakhala ku Kanyama, pabwalo pa alongo anga aakulu. Iwo anali ndi zipinda ziwiri zakutsogolo, ife kachipinda kamodzi kumbuyo, ndipo khoma lotilekanitsa linali lopyapyala moti munthu akatsokomola uko, kuno tinkati pepani. Alongo angawa ndi amene anandilera mayi atamwalira, ndiwonso anandiitanira kutauni. Amuna awo anali atapita ku Kitwe kukafuna ntchito n'kungoti zii, kuwasiyira ana atatu ndi kabenchi ka tomato ndi makala pageti. Alongo angawo anali munthu wa mawu okweza, woseka ndi thupi lonse, ndipo ine ngakhale ndinali ndi ndevu ndi mkazi, akangoti iwe ndinkaimirira.

Saladi ikabwera kusitolo ankagulitsa chigubu chimodzi pa munthu, ndipo matumba a nyumba ziwirizi pamodzi ankangokwanira chimodzicho. Tsono akazi awiriwa ankasinthana kuima pamzere, chigubu chikafika pakhomo n'kugawana. Wotsanula anali alongo anga, poti ndiwo aakulu. Palibe anakhala pansi kupangana zimenezo, zinangokhala choncho.

Pano ndifotokoze lamulo lina limene ana a masiku ano sangalimvetse. Saladi sinkatsanulidwa kawiri. Chiwiya chilichonse chimene yadutsamo chimadyako gawo lake, imakanirira m'mbali, ndipo m'zaka zimenezo zokanirira m'kapu zinali zokwana kukazingira anyezi wa tsiku lonse. Choncho panalibe zoyezera ndi kapu, panalibe zobwezera m'chigubu ukalakwitsa. Inkachoka m'chigubu n'kulowa m'botolo la mwini wake, nkhani yatha. Chigubucho ankachiimika chozondoka pafupi ndi mbaula kuti kutentha kutsitse madontho otsala, kenako ankachidula pakati n'kupukutamo ndi masamba a repu. Pophika, saladi inkayezedwa ndi chitsekero cha botolo, ndipo chitsekerocho ankachitsukuluza mumphika momwemo.

Vuto linali mabotolo. La alongo anga linali lalitali, lowonda, lija la madzi a malalanje. La mkazi wanga linali lalifupi, lamimba, limene amayi ake anamupatsa muli uchi tsiku lonyamuka. Akatsanula, la alongo anga linkadzaza mpaka paphewa, kuoneka la anthu olemera, pamene m'la mkazi wanga saladi inkangokhala pansi m'mimbamo ngati yachita manyazi.

Ulendo woyamba mkazi wanga anayang'anitsitsa mabotolo awiriwo. Anali mtsikana wolangidwa bwino, wogwada popereka madzi, koma maso ake sankaphonya kanthu. Anangotenga ulusi wakuda n'kuumanga kuzungulira botolo lake, pamene saladi inalekezera. Ulendo wotsatira saladi inafika paulusi. Winawo paulusi pomwepo, osapitirira ngakhale pang'ono.

"Mwaona?" anandinong'oneza tsiku lina masana, atatseka chitseko ngakhale kunja kunkatentha. "Dzanja lawo limadziwa poima. Lawo lija mpaka paphewa, langa nthawi zonse apa. Kodi pamzere paja ine ndimaima ndi mwendo umodzi?"

"Mabotolowa ndi osiyana," ndinatero.

"Inde ndi osiyana. Lina ndi la mwini nyumba, lina ndi la wobwera."

Ndinayesa kuseka, iye sanaseke. Ananena motsitsa mawu, poopa khoma lija, kuti sanabwere ku Lusaka kudzadyera m'manja mwa munthu, kuti kwawo nsinjiro sizisowa, ndipo zikapitirira chonchi akwera basi. Mawa lake ndinapeza sutikesi yathu yachoka pansi pa bedi, ili pakona, m'kati muli zitenje ziwiri zopindidwa bwino. Patapita masiku munalowanso diresi la kutchalitchi.

Ndinachita mantha, ndinene zoona. Mwamuna wopanda ntchito alibe chogwirira mkazi, ndipo mtsikanayu ndinkamukonda mopusa, moti ndikadzuka ndinkayamba ndayang'ana sutikesi ndisanayang'ane kunja. Koma kupita kwa alongo anga ndi kapu m'manja n'kunena kuti tiyeni tiziyeza, kunali chimodzimodzi kuwatcha wakuba pabwalo pawo pomwe, ana awo akumva. Munthu amene anandisambitsa ndili ndi zipere m'mutu. Ndinatola botolo lofanana ndi lawo kuseri kwa msika, ndinalitsuka, ndinabwera nalo, koma mkazi wanga analibisa msangamsanga pansi pa matiresi. Anati botolo lofanana ndi kapu yomweyo, alamu akangoliona adziwa kuti tikuwayeza, ndiponso la amayi ake salisiya. Ankafuna chilungamo, koma chibwere chokha, iye osatsegula pakamwa.

Pabwalo panalibe ndewu. Panali ulemu wochuluka mopitirira, umene umaopsa kuposa ndewu. Mkazi wanga ankagwada motsika kwambiri popereka moni, alongo anga ankayankha mosangalala osadziwa kanthu, ndipo ine ndinkatuluka m'mamawa kukaima pamageti a mafakitale, kumene alonda ankatiuza kuti kulibe ntchito tisanafunse n'komwe.

Nzeru inandipeza ndili pansi pa chingwe choyanikira zovala. Mkazi wanga anali atachapa buluku langa lakuntchito, limene silinkapitanso kulikonse, n'kuliyanika cha m'chiuno. Madzi ankadontha m'miyendo yonse iwiri, uku dontho, uku dontho, ndipo pansi panapangika timadziwe tiwiri tofanana ndendende. Ndinaliyang'ana bulukulo nthawi yaitali. Kenako ndinadzambatuka mpaka kugunda chingwe ndi mutu.

"Buluku silikondera mwendo," ndinauza nkhuku ya aneba, poti ndiyo yokha inali pafupi.

Ine sinditha kukhala manja ali phee, ndi matenda anga kuyambira ubwana. Ndinapempha alongo anga chitini cha mkaka wa ufa chimene ankasungiramo mabatani, chotsalira cha masiku abwino. Pansi pake ndinaboola mabowo awiri, lina uku lina uko, ndi msomali umodzi womwewo kuti pasakhale bowo lodandaula. Milomo yake inafunika mabolopeni awiri akutha a mtundu umodzi, ndipo kuwapeza inali ntchito, chifukwa ana asukulu a ku Kanyama ankatafuna mabolopeni ngati nzimbe. Nditapeza awiri opanda mano, ndinachotsa zam'kati, ndinawalowetsa m'mabowo moloza kunja pang'ono, n'kumata m'mbali ndi phula la kandulo. Ndi matabwa a bokosi lakale la tomato ndinakhoma kachoikapo ka miyendo iwiri, wina kumanja wina kumanzere, kuti chitini chizikhala pamwamba, mabotolo azilowa pansi.

Kwa alongo anga ndinati ndi bizinesi. Ndinati komboni yonse ikugawana saladi ndi palafini, anthu akudana chifukwa cha madontho, ndipo makina awa adzatichotsa mu umphawi.

"Iwe," anatero atagwira m'chiuno, "banzako bali mu tauni kusakila nchito, iwe uli bize kuvalika chitini buluku?"

Anaseka mpaka kukhalira kabenchi, tomato n'kugubudukira m'ngalande. Koma sanakane.

Ndinayamba kuyesa ndi madzi. Nkhani inali itamveka kale, poti ku Kanyama ngakhale kukhoma msomali kumaitana msonkhano. Aneba athu, eni nkhuku ija, bambo wachikulire wa Chibemba amene anapuma ntchito kumigodi, anabwera ndi kampando kawo n'kukhala kutsogolo penipeni, atavala chipewa ndi buluku loyera. Ndinaika makapu awiri ofanana pansi pa milomo, ndinakweza jagi m'mwamba kuti onse aone, ndinatsanula. Chimene ndinaiwala n'chakuti bolopeni imakhala ndi kabowo kakang'ono m'mbali. Madzi anatulukira pamenepo, kamzere kowonda kolunjika, n'kukatera pamiyendo pa aneba.

"Yagawa bwino," iwo anatero osasuntha, akuyang'ana buluku lawo. "Hafu ku kapu, hafu kuli ine."

Bwalo lonse linafa nako kuseka. Ngakhale mkazi wanga, amene anaima pakhomo atapinda manja, anatembenukira kukhoma kuti ndisaone mano ake. Ndinawaona, ndipo tsiku limenelo sindinamvenso njala.

Timabowoto ndinatimata ndi phula, kandulo ya alongo anga n'kufupikanso. Nditayesa kachiwiri, pafupifupi madzi onse anathamangira kumanja. Ine ndine wa mtima wapachala. Ndinatukwana chitini, ndinatukwana mabolopeni ndi amene anawapanga, ndinatsala pang'ono kuchipondaponda anthu akuona. Koma chitini chinalibe mlandu. Pansi pa Kanyama ndi mwala wokhawokha wa mabampu, ndipo pabwalo pathu panalibe malo owongoka. Ndinatenga mbale yosaya, ndinathiramo madzi pang'ono, n'kuikhazika pamwamba pa chitini. Madzi akapendekera mbali imodzi ndinkadziwa kuti pamenepo sipabwino. Ndinayenda nacho bwalo lonse, anthu akunditsatira pambuyo, mpaka ndinapeza kamalo pakhonde la alongo anga pamene madzi anagona mofanana. Ndinajambulapo ndi khala poima miyendo.

Apa mkazi wanga anachoka pakhomo paja. Anangogwada n'kundilanda jagi. Anatsanula yekha. Anaika makapu awiriwo pamodzi, n'kuwerama mpaka tsaya kukhudza simenti. Anawasinthanitsa, wakumanja kumanzere, anatsanulanso. Anatembenuza chitini, anatsanulanso. Anayesa kuthira mwaukali, anayesa modontheza, anayesa kuthirira cha m'mbali mwadala, mpaka anthu anatopa n'kumapita. Nthawi zonse makapu ankafanana.

"Chili bwino," anatero akupukuta manja pachitenje, motsitsa kuti ndimve ndekha. "Ichi sichidziwa mwini nyumba."

Ndinavina tsiku limenelo. Ndinavina pabwalo popanda nyimbo, ndinagwira aneba dzanja kawirikawiri, ndinawalonjeza kuti fakitale yanga ikatsegulidwa adzakhala kapitawo ndipo ndidzawagulira buluku lina. Ndinali nditayamba kale kuganiza utoto wopaka pageti. Ndinauza aliyense wodutsa kuti zitini zimenezi zidzafika ku Matero, ku Chawama, ngakhale kunja kwa dziko. Koma chondivinitsa chenicheni sindinauze munthu. Ndinali nditapeza njira yoyezera saladi popanda kutcha munthu wakuba, ndipo ndinkaona kale sutikesi ikubwerera pansi pa bedi.

Saladi inachedwa kubwera. Inadzafika mwezi wa Juni, kuzizira kwa Lusaka kuja kolowa m'mafupa kutayamba. Unali ulendo wa mkazi wanga kuima pamzere. Anachoka m'mamawa, anabwera dzuwa lili paliwombo, nsapato imodzi itaduka lamba, chigubu atachikulunga n'kuchibereka kumbuyo kuti opempha aziyesa mwana. Sizinathandize. Pamene ankalowa pageti anthu anali atamutsatira kale, chifukwa msewu wonse unkadikira kuona chitini chikugwira ntchito yeniyeni.

"Ba sisi," ndinatero ndi ulemu wanga wonse, "mungalole tiyeseko makina lelo?"

Alongo anga anandiyang'ana, anayang'ana anthu, kenako anandipatsa chigubu. "Ukataya olo dontho imozi, uzagona ku Chunga pa vinyalala."

Ndinaimika miyendo pa zizindikiro za khala. Mbale ya madzi inavomereza. Botolo lalitali ndinaika kumanja, lamimba kumanzere ndi ulusi wake wakuda. Mkazi wanga anaima pambali pa lake, nkhope ili gwa, ngati munthu amene mlandu wake ukugamulidwa lero ndipo akudziwa kuti wapambana.

Madzi ndi saladi ndi zinthu ziwiri. Ndi kuzizira kuja saladi inali italemera, ndipo nditatsanula inangokhala m'chitini osatuluka. Aneba anatsokomola. Kenako pamlomo wakumanja panaoneka dontho lonenepa, pa wakumanzere linanso, ndipo timizere tiwiri tachikasu tinayamba kutsika pamodzi, mwaulesi. Anthu anapuma onse nthawi imodzi. Mayi wina kumbuyo anayamba nthungululu, alongo anga anamuletsa kuti angagwedeze mpweya.

Zinatenga nthawi. Chitini chinali chaching'ono, ndiye ndinkathira pang'ono, kudikira, kuthiranso. Ntchito ili pakati, nkhuku ija inatulukira, ikuyenda monyada kulunjika pamiyendo ya makina. Palibe analimba mtima kukuwa kapena kuponya mwala, kuopa kuti ingauluke n'kugwetsa zonse. Anthu akuluakulu, ena a maudindo kumpingo, anayamba kuinong'oneza nkhukuyo, kuichonderera, kuikupiza ndi manja pang'onopang'ono. Pomaliza aneba anavula chipewa, anaivindikira nacho mwakachetechete, n'kukhala atachigwira choncho, nkhuku ikudandaula m'kati. Kuseka kunandigwira, koma sindikanatha kuseka ndili ndi chigubu m'manja, moti misozi inkangotsika yokha.

Madontho omaliza atagwa, alongo anga anabweretsa masamba awiri a repu, limodzi lawo, limodzi la mlamu wawo, ndipo anapukuta m'chitini mosinthana. Ndinanyamula makina n'kuwaika pambali. Mabotolo awiri anatsala poyera.

La alongo anga linali litadzaza kupitirira phewa mpaka m'khosi, pamene linali lisanafikepo chiyambire. M'la mkazi wanga saladi inalekezera pansi pa ulusi. Sikunali kuperewera kofuna kuwerama kuti uone, panali mpata wokwana chala chathunthu.

Ndinayamba kubwebweta kuti mwina bolopeni imodzi yatsekeka, mwina ndi kuzizira, mwina mbale yanama. Mkazi wanga anandigwira mkono kuti ndikhale chete. Iye ndi amene anayesa chitini chija mpaka anthu kutopa, ndipo lero anaona ndi maso ake timizere tiwiri tikutsika mofanana. Chigubu chinali cha kukula komweko kwa nthawi zonse, chomata kusitolo. Theka lenileni linali limenelo, pansi pa ulusi. Miyezi yonse ija ankalandira zoposa theka.

Alongo anga ananyamula botolo lawo n'kuliyang'anitsa kudzuwa. "Iwe, chitini chako chakondela. Chanipasa yambili, chamana mulamu wanga. Ona, siinafike na pa kaulusi kake."

"Kodi munkauona ulusiwu, alamu?" mkazi wanga anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Nanga nilibe menso? Siku yoyamba ninakuikilani yambili pang'ono, kaili ndimwe mwana wa bene, mwachoka kutali. Simungayonde pa nyumba yanga, bantu ba kwanu baziti tinakutengelani njala. Manje nabwela kachibili, napeza mwamanga kaulusi. Nati oho, mulamu wanga ni wa manyazi, sangakambe, anionesa pamene afuna izifika. So nenze kuyesa kufikapo lyonse. Nthawi zina mutima unali kubaba nikaona yanga, koma nenze kufikapo."

Ananena zimenezi mosavutika, akupukuta khosi la botolo ndi chala n'kunyambita. Kenako chalacho chinaima m'kamwa. Anayang'ana ulusi, anayang'ana chitini, anayang'ana ine, ndipo ndinaona nkhani yonse ikuwalowa pang'onopang'ono. Alongo anga sanali opusa.

"Oho," anatero. "Kansi ndiye bizinesi yake."

Mkazi wanga anadziphimba kumutu ndi chitenje chija anaberekera chigubu, n'kugwada pomwepo pasimenti. Mapewa ake ankagwedezeka. Ndinaganiza za sutikesi, chifukwa ndinkamudziwa. Mkwiyo akanatha kukhala nawo miyezi, koma manyazi a pagulu ngati amenewa akanamukweza basi ya mawa lomwelo. Anthu anayamba kuyang'ana kumbali, ena kusunthira kugeti.

Alongo anga anaika botolo pawindo mosamala, anaikanso la mlamu wawo, kenako anavula patapata. Ndinayesa akupita kwa mkazi wanga, ndinaima pakati, koma patapatayo inali yanga. Inandipeza paphewa, inandipezanso pamsana, ndipo ndinathawa kuzungulira bwalo, mwamuna wandevu, iwo ali pambuyo akukuwa kuti ndawathera kandulo, ndawamwazira mabatani, ndaliza mwana wa eni pamaso pa anthu ndi vitini vanga. Aneba pofuna kundipatsa njira anakweza chipewa, nkhuku inatuluka ndi ukali wake wonse n'kudutsa pakati pa miyendo yanga, ine n'kugwera pathumba la makala.

Pansi pa chitenje panatuluka phokoso limene poyamba ndinaliyesa kulira. Kunali kuseka, kwa misozi ndi mamina, koma kuseka ndithu. Alongo anga anaponya patapata, anakhala pansi pambali pake, anamuvundukula kumutu, ndipo awiriwo anagwirana akundiseka ine, ndili chagada, makala ali kumaso.

"Pepani alamu," ndinamva mkazi wanga akunena pakati pa kusekako.

"Pepani ya chani. Mailo muniphikile chibwabwa yotendela, ija ya kwanu," alongo anga anatero, kutanthauza kuti mawa tidye masamba a maungu otendera.

Zitenje zinatuluka m'sutikesi tsiku lomwelo. Sanandiuze, ndinangopeza diresi la kutchalitchi lapachikidwanso pamsomali wake. Ulusi sanaumasule. Nditamufunsa anati ukhale pomwepo, aziuona akamaphika.

Ndinkayesa kuti chitini chatha ntchito, koma alongo anga anakana kutsanulanso ndi dzanja. Anati popeza ndinabweretsa makina, makinawo agwire ntchito, iwo apume. Fakitale yanga sinatsegulidwe, ndipo aneba sanakhale kapitawo. Anthu ankangobwereka chitini chomwecho, n'kuchibweza chitapukutidwa mwaukhondo wokayikitsa.

Saladi itabweranso, mkazi wanga anadzipereka kukaimika makina pakhonde. Nditafika ndi mbale yanga, madzi anapendekera kumanja, ku botolo lalitali. Ndinawerama kuti ndione. Pansi pa mwendo wakumanzere, mbali ya botolo lake, panali kachitsekero ka botolo la chakumwa, kophwanyidwa bwino ndi mwala kuti kasaonekere. Ndinatambasula dzanja kuti ndikachotse, ndipo chidendene cha mkazi wanga chinatera pazala zanga, osati mwamphamvu, koma mondiuza. Nkhope yake inali kwina, ikumwetulira alongo anga amene ankabwera ndi chigubu.

Alongo anga anaika chigubu pansi n'kunena kuti aiwala masamba a repu pakabenchi, mlamu wawo akawatengere. Mkazi wanga atangokhota pakona, iwo anasolola m'chitenje kachikatoni ka machesi kopindapinda, anakweza mwendo wakumanja wa makina, n'kukalowetsa pansi. Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili mwana.

"Ukakamba, patapata ilipo."

Mkazi wanga anabwera ndi masamba awiri. Onse anaima, uyu mbali yake, uyu mbali yake, manja kumbuyo, nkhope zosalakwa, akudikira mwini makina. Ndinayang'ana chitini changa chimene ndinachivutikira chija, chitaima pa chitsekero ndi chikatoni, ndipo chimwemwe chinandikwera mpaka m'makutu. Mbale ija sindinaiikenso pamwamba. Madzi ake ndinathirira nkhuku, ndinanyamula chigubu, n'kuyamba kutsanula.